Nyemba ndi nkhwani: kulawa za m'timalesitilanti ta pa M1

Msewu wa M1 kuchoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300. Wa galimoto yake amaudula m'maola anayi kapena asanu, koma wokwera minibasi yoima pa siteji iliyonse amatha tsiku lathunthu, ndipo njala imamugwira penapake pakati pa mlatho wa Shire ndi mapiri a ku Dedza. Aliyense woyendayenda pa msewuwu ali ndi pake pamene amatsikira kuti adye. Madalaivala a mathiraki ali ndi pawo, amayi a geni opita kukapikula kabichi ku Lizulu ali ndi pawo, apolisi a pa lodibuloko ndi aphunzitsi a sukulu za m'mbali mwa msewu nawonso ali ndi pawo. Malo amenewa salembedwa m'nyuzipepala. Tikati tiyamikire malo odyera timathamangira ku mahotela a kunyanja ndi malesitilanti a magalasi a m'mizinda, pomwe Amalawi ambiri odya nkhomaliro kunja kwa nyumba zawo amadyera m'timalesitilanti ta chipinda chimodzi, ta nsalu pakhomo.

Maonekedwe ake ndi amodzimodzi kulikonse. Mkati muli matebulo atatu kapena anayi oyalidwa pulasitiki yamaluwamaluwa, mabenchi, wailesi pawindo, ndi kalendala ya kampani ya feteleza kapena ya mpingo pakhoma. Khitchini ili kuseri, pamafuwa kapena pambaula. Pakhoma palembedwa mndandanda wa zakudya ndi choko kapena penti, koma woidziwa ntchito sawerenga pamenepo. Amangosuzumira ku khitchini n'kufunsa kuti, "Mayi, zilipo n'chiyani?" Yankho limabwera mosazungulira: nkhuku yatha, yatsala mbuzi, mazira ndi nyemba. Mtengo umatsata ndiwo, n'chifukwa chake timati nsima ya nkhuku, nsima ya ng'ombe, nsima ya nyemba. Masamba amangoikidwa pambali pang'ono, osawerengedwa pamtengo. Pamasamba osawerengedwawo ndi pamene pagona nkhani yanga, koma ndiyambe ndi nyemba.

Muyeso wanga ndi nyemba

Ndikafika pamalo achilendo ndimaitanitsa nyemba, ngakhale m'thumba muli ya nkhuku. Nyama imabisa zambiri. Mafuta, tomato ndi anyezi zikachuluka, nyama iliyonse imadyeka. Nyemba sizibisa kanthu. Zimafuna moto wa maola angapo, ndipo moto ndi ndalama, chifukwa nkhuni ndi makala zimagulidwa. Wophika wofuna chidule amathira soda kuti zifewe msanga, ndipo mumazidziwa ndi kuterera kwake komanso kafungo kamene kamatsalira kukhosi. Wina amatenthetsa zadzulo, zimene pofika masana a mwezi wa Okutobala zimakhala zitayamba kusasa. Nyemba zophikidwa bwino zimakhala zathunthu koma zofewa mpaka mkati, ndipo msuzi wake umakhuthala wokha popanda kuthira ufa. Mayi amene wasamala nyemba chotero, podziwa kuti ndi mbale yotsika mtengo kuposa zonse, ndimamukhulupirira pa china chilichonse chimene waphika.

Ntcheu ndi Dedza ndi kwawo kwa nyemba. Nanyati, kholophethe, napilira ndi kalima zimayalidwa m'misika ya m'maboma amenewa, ndipo iliyonse ili ndi kakomedwe kake. Nyemba zabwino koposa zimene ndadyapo pa msewuwu zinali m'kalesitilanti kena kuseri kwa magolosale, pa tawuni ina ya m'boma la Ntcheu. Mayi wake anali ataphika nanyati mumphika wadothi, wakuda ndi mwaye, wokhala pamafuwa kuyambira mbandakucha. Anathira tomato wochepa, anyezi ndi mchere basi. Anandipakulira ndi chipande m'mbale yachitsulo, pambali n'kuikapo khwanya wotendera ndi tsabola wa kambuzi muwiri wosadula. Nditatsala pang'ono kumaliza anabwera n'kufunsa, "Achimwene, ndiwonjezere mtanda?" Sanalipiritse mtanda wachiwiriwo. Pabenchi yomweyo panali anyamata a kabaza atatu ndi bambo wina wa tayi wochokera ku ofesi, tonse tikudya zofanana.

Nsima nayo ili ndi mayeso ake. Yakupsa imanunkhira, siimamatirira m'manja, ndipo ilibe mibulu. Vuto la masiku ano ndi zotengera zosunga kutentha zija. Nsima imaphikidwa cha m'ma 11 koloko, mitanda n'kuunjikidwa m'menemo, ina yokulungidwa m'mapepala apulasitiki, ndipo wofika 3 koloko amalandira mtanda wochita thukuta, wolimba kunja. Ndimamvetsa chifukwa chake: basi ikaima, anthu khumi amafuna kudya nthawi imodzi ndipo kondakitala akuimba kale huta. Komabe malo amene amavundula nsima kawiri kapena katatu patsiku ndi amene ndimabwererako. Chinanso chosangalatsa n'chakuti mgaiwa, umene kale unkanyozedwa kuti ndi wa kundende ndi kusukulu zogonera, ukufunidwa tsopano. Anthu odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi amalangizidwa kuchipatala kuti achepetse ufa woyera, umene pokonola ndi kuviika umataya gaga pamodzi ndi zofunika zambiri m'thupi. Lesitilanti yochenjera imaphika miphika iwiri.

Zalewa mpaka Ntcheu

Pa Zalewa, pamene msewu wopita ku Mwanza umapatukira, chakudya chimakupezani pawindo. Mazira owiritsa okhala ndi kamchere kosakaniza tsabola m'kapepala, nthochi, mtedza wokazinga, chimanga chootcha m'nyengo yake, ndipo miyezi yozizira manachesi a ku Mwanza. Kumatentha, ndipo malangizo anga pamenepa ndi achidule: gulani chimene mudzasende nokha kapena chimene chachoka pamoto mukuona. Kupitirira apo, kulowera ku Chingeni kumene kunatsegulidwa geti yolipiritsa magalimoto mu 2021, m'mbali mwa msewu mumaima matumba a makala, ndipo akakolola anyamata amakweza mapani a mbewa zowiritsa ndi kuumitsa. Okonda mbewa amaimitsa galimoto yodula mosachita manyazi, ndipo amachita bwino, chifukwa ndi ndiwo ya makolo athu.

Amene angapatuke kulowera ku Balaka, Liwonde ndi Mangochi adzaona liwu lakuti Halaal litalembedwa pamakomo a malesitilanti ambiri, chifukwa dera limeneli kuli Asilamu ochuluka. Kumeneko mpunga umapikisana ndi nsima, ndipo mbuzi amaidziwa kuiphika. Mpunga wonunkhira wa Kilombero wochokera ku Karonga ndi wodula, choncho malo ambiri amaphika wamba. Sindidandaula nazo zimenezo malinga ngati wapetedwa bwino, chifukwa palibe chimene chimathetsa chilakolako cha chakudya msanga kuposa kuluma kamwala.

Pa boma la Ntcheu mfumu ndi chiwaya. Ndi chitsulo chachikulu chokhala ndi dzenje pakati pomwe mafuta amawira, pansi pake nkhuni zikuyaka. Mnyamata amasenda mbatata ya kachewere ndi kampeni kakang'ono mofulumira modabwitsa, amaiduladula m'ndowa ya madzi, n'kuiponya m'mafuta. Chakupsa amachikokera m'mphepete mwa chitsulo kuti mafuta atsike. Inu mumangonena ndalama yanu, iye amakukankhirani mulu wanu pakona, amawaza mchere, amaikapo kabichi wodula mopyapyala ndi tomato, ndipo tsabola mumathira nokha kuchokera m'botolo loboola chivindikiro. Mumadya chiimirire, phewa ndi phewa ndi munthu amene simukumudziwa, nkhani za mpira zili mkati. Tchipisi cha pachiwaya chikakhala cha mbatata yatsopano ya ku Tsangano, chofewa mkati, chimaposa cha m'malesitilanti ambiri a m'tawuni chimene chimayamba chagona mufiriji.

Chimene chimandidetsa nkhawa pachiwaya ndi mafuta. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza makampani oyenga mafuta ophikira amaitanitsa zipangizo zambiri kunja, mtengo wa mafuta unakwera kwambiri. Mnyamata wa chiwaya sangakweze tchipisi mofanana, chifukwa makasitomala ake ndi a kabaza ndi ana a sukulu. Chimene amachita ndi kusataya mafuta. Adzulo amathiramo atsopano pang'ono, mawa chimodzimodzi, mpaka mafutawo amada bii ndi kuchita thovu. Mafuta otenthedwa mobwerezabwereza chotere amawononga kakomedwe, ndipo azaumoyo amachenjeza kuti si abwino m'thupi. Yang'anani m'dzenjemo musanatulutse ndalama. Ngati simukuona mbatata imene ili pansi pa mafuta, pitani pachiwaya china. Pali nkhani inanso ya timajumbo topyapyala timene amaikamo tchipisi chotentha. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 mu 2015, Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma nkhaniyi yakhala ikubwererabwerera kukhoti ndipo timajumboto tikadali m'misika. Ine ndimasankha kudyera pachiwaya pomwepo.

Msika wodzaza, mbale yosauka

Pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Msika wa pamenepa ndi umodzi mwa misika ya ndiwo zamasamba yotchuka kwambiri m'dziko muno. Kabichi, tomato, karoti, anyezi, nsawawa, zitheba ndi mbatata ya kachewere zimaunjikidwa milumilu, ndipo malole amanyamula kupita nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pamalo ngati amenewa munthu amayembekeza kuti mbale ya m'lesitilanti idzaza ndi zam'dimba. Koma nthawi zambiri, kuno ngakhalenso m'matawuni ena onse a pa msewuwu, chimene chimabwera pambali pa nyama ndi kasupuni ka kabichi kapena repu wopsereratu, wosambira m'mafuta. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa luso lalikulu la kaphikidwe ka Amalawi lili m'masamba.

Taganizani zimene amayi athu amaphika kunyumba. Nkhwani wotendera, wosadzulidwa bwino, wothira nsinjiro zosefa. Bonongwe, chisoso ndi luni, zimene zimamera zokha m'munda. Chigwada chosinja mumtondo, kholowa, khwanya, mpiru wowawira pang'ono. Therere la chidulo. Mfutso wa m'chikwatu umene umapulumutsa banja m'chilimwe, ndi bowa wa m'nkhalango mvula ikagwa. Zonsezi ndi zakudya zopatsa thanzi, zokoma, zosafuna mafuta ogula. Mlendo wochokera kunja atayenda msewu wonsewu akudya m'malesitilanti okhaokha, akhoza kubwerera kwawo akuganiza kuti Amalawi amadziwa nkhuku yokazinga ndi kabichi basi.

Amayi ophika ali ndi zifukwa zawo, ndipo n'zomveka. Kusadzula nkhwani wa anthu makumi atatu ndi ntchito ya m'mawa wonse, pomwe kabichi mmodzi amadulidwa m'mphindi zochepa. Mtedza wakwera mtengo. Ndiwo zotendera sizichedwa kusasa kukatentha, choncho zikapanda kugulidwa masana ndiye kuti zatayika. Koma chifukwa chachikulu ndife odyafe. Munthu akalowa m'lesitilanti amafuna chimene sadya kunyumba, ndipo ambiri timaona ngati kulipira ndalama pogula masamba ndi chizindikiro cha umphawi. Timakalipa nthuli ikachepa, koma sitinafunsepo kuti nkhwani uli kuti. Wophika amaphika chimene chikufunsidwa. Umboni wake ndi wakuti m'mizinda, momwe anthu a m'maofesi ayamba kulakalaka zakumudzi, malo ophika nkhuku ya lokolo, mang'ina, therere ndi zotendera amadzaza masana alionse, ndipo mitengo yake si yotsika. Chimene chikugulitsidwa modula ku Lilongwe chikanatha kugulitsidwa ku Lizulu, kumene masambawo amachokera.

Nkhuku ya lokolo ndiitchule mwapadera. Malo ambiri asinthira ku nkhuku zachizungu, zimene zimakula m'masabata asanu ndi limodzi ndipo zimapsa msanga. Yalokolo imafuna moto wautali, koma msuzi wake suyerekezeka. Ena amalemba lokolo pakhoma n'kukupatsani nkhuku yoikira mazira imene yakalamba, poti nayonso ndi yolimba. Fupa ndi msuzi zimaulula. Kugulitsa nkhuku yotereyi si kulakwa, kulakwa ndi kuipatsa dzina la ina.

Tiyi wa ku Dedza, kanyenya wa pa Chimbiya

Dedza ndi tawuni yokwera kwambiri, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka m'mafupa. Alendo ambiri amakadya ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987 ndipo ili ndi malo odyera otchuka ndi khofi ndi makeke. Ndi malo abwino, aukhondo, oyenera munthu amene wakonzekera m'thumba. Koma Dedza wa anthu wamba ali m'matiyirumu a pafupi ndi msika ndi depoti. M'mawa kukali chifunga mumapeza ketulo yaikulu pambaula, makapu apulasitiki aakulu, ndi sikono kapena mandasi m'kabokosi ka galasi. Tiyi amathiridwa kudzera m'kasefa kuchokera m'mwamba, mkaka ndi shuga mosaumira. Ndimakondwa ndikapeza tiyirumu yokhala ndi chigumu, zitumbuwa kapena mbatata yophika, chifukwa zimenezi zimakhalitsa m'mimba kusiyana ndi buledi, ndipo ufa wake ndi wa konkuno, pomwe tirigu wambiri timachita kuitanitsa kunja. Futali yekha ndiye wasowa. Sindikumvetsa chifukwa chake mbatata yotendera, chakudya chotsika mtengo ndi chokoma chotere, singapezeke m'tiyirumu ya m'boma lolima mbatata ndi mtedza.

Kutsika kuchoka ku Dedza, pa Chimbiya utsi wa kanyenya umakulandirani musanatsike n'komwe. Mbuzi imapachikidwa poonekera, ndipo ubwino wake ndi womwewo: mumaona nyama imene mukugula. Ya lero imakhala yofiirira bwino, yosauma m'mbali. Zam'kati zokulunga ndi matumbo zimakoma zikangochoka pamoto, koma ndi zimenenso zimaonongeka msanga, choncho dzuwa likapendeka ndimazisiya. Okonda kapado ali ndi ziwaya zawo chapatali pang'ono, ndipo kwa iwo ndingoti nyama ya nkhumba imafuna kupsa mpaka mkati, musaifulumizitse chifukwa choti basi ikunyamuka.

Chambo chimene si chambo

Pafupifupi lesitilanti iliyonse imalemba chambo pamndandanda, ngakhale ili kutali ndi nyanja. Zoona zake n'zakuti chambo chenicheni chachepa kwambiri. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika mitundu ya chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ku Lake Malombe, kumene kale kunkachokera chambo chochuluka, asodzi akhala akudandaula kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi kuyambira mwezi wa Novembala kuti nsomba ziswane. Chimene chimafika m'mbale m'matawuni aang'ono kawirikawiri ndi makumba kapena nsomba za m'maiwe ndi m'zikwere zoweta. Ndi nsomba zabwino, ndipo kuweta ndi kumene kungapulumutse chambo cha m'nyanja. Ndingopempha kuti azitiuza zoona.

Komanso sindiona chifukwa chothamangira chambo pomwe pali usipa. Usipa wofutsa wophikidwa ndi tomato, utaka wootcha, kampango wowamba wa msuzi wake wonona, mlamba wa m'Shire: zonsezi zimayenda bwino ndi nsima ndipo sizibowola thumba. Matemba a ku Chilwa amasowa nyanjayo ikaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018, koma akapezeka, otendera, ndi ndiwo ya ulemu wake. Amene akufuna nsomba yaiwisi yeniyeni atsate msewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5, akafike ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, akadye ndi kondowole. Kumeneko timalesitilanti sitinachite manyazi ndi chakudya cha kwawo, ndipo ndi phunziro kwa anzawo a pa M1.

Madzi

Kukoma konseku kumagwa ngati palibe madzi. Mu Malichi 2022 matenda a kolera anabuka ku Machinga, n'kufalikira m'maboma onse. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa, ndipo akuluakulu analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika. Amayi ambiri a malesitilanti anataya mpamba nthawi imeneyo. Chiletso chinali ndi chifukwa chake, koma chitatha, funso lenileni linatsala pomwepo: madzi amene mayiyu akutsukira mbale akuchokera kuti?

Zinthu zina zasintha. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse motsatizana lachepa. Malo ambiri tsopano amakuthirirani madzi ndi jagi, kapena pakhomo pali ndowa ya kampopi imene inafala nthawi ya Covid-19, ngakhale sopo amasowa kawirikawiri. Koma kuseri ndi kumene kuli nkhani. Pamalo ena amene ndinadya nsima yabwino ndithu, nditazungulira kufuna kotaya madzi ndinapeza mtsikana akutsuka mbale m'beseni la madzi otuwa, a mafuta pamwamba, omwewo kuyambira m'mawa. Chimbudzi chinali chokhoma ndipo kiyi anali ndi mwini sitolo yoyandikana nayo, amene anali atachokapo. Mtsikanayo sindimuimba mlandu. Madzi amagula pa ndowa, mjigo uli kutali, ndipo abwana ake amawerenga ndowa iliyonse.

Apa mpomwe makhonsolo ayenera kuyankhapo. Tsiku lililonse wotolera ndalama za msika amafika ndi matikiti ake, ndipo lesitilanti imalipiranso laisensi. Malamulo amafuna kuti malo ophikira aziyenderedwa ndi azaumoyo ndiponso kuti ogwira chakudya aziyezedwa kuchipatala. Zonsezo n'zabwino. Koma khonsolo imene ikutolera ndalama pamsika wopanda mpopi, wopanda chimbudzi chogwira ntchito ndi dzala la zinyalala, ilibe mphamvu yoloza chala mayi wophika. Kutseka malo mliri ukabuka n'kosavuta. Kukoka paipi ndi kumene kumateteza anthu.

Amene ali kuseri kwa utsi

Ambiri mwa eni timalesitilantiti ndi amayi. Amadzuka nkhuku zisanalire, kuyatsa moto wa nyemba, kupita kokagula nyama ndi kuchigayo. Mpamba wawo kawirikawiri ndi ngongole ya ku banki m'khonde, yobweza ndi chiwongoladzanja pakutha pa mwezi. Pansi pa kauntala pamakhala kope la ngongole, lodzaza maina a anthu apantchito amene amadya mwezi wonse n'kulonjeza kulipira akalandira. Ena salipira, amangosintha njira. Masiku ano ambiri amalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, zimene zachepetsa mkangano wa chenje, komabe phindu lawo ndi lochepa kwambiri moti thumba la chimanga likakwera mu Januwale ndi Febuluwale, chimene chimachepa ndi kukula kwa mtanda.

Moto nawo ndi mutu wina. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo akhoza kumuika munthu m'mavuto, koma gasi ndi wodula kuyamba naye ndipo magetsi sadalirika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka chaka chotsatira, ndipo amene anali ndi mafiriji anataya nyama. N'chifukwa chake sindinyoza lesitilanti imene imati nyama yatha 2 koloko. Kutha kwa ndiwo kumasonyeza kuti mayiyo amagula zokwanira tsiku limodzi, ndipo mawa adzaphika zatsopano. Ndimaopa malo amene chilichonse chimapezeka nthawi iliyonse pomwe makasitomala sakuoneka.

Atsikana otumikira nawo tiziwaona. Ambiri ndi achibale ochokera kumudzi, ena a msinkhu woyenera kukhala m'kalasi, ndipo amaima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kuwaitana ndi likhweru kapena kuwagwiragwira, monga amachitira amuna ena akakhuta, ndi khalidwe lonyansa. "Achemwali" kapena "asisi" ndi mawu osavuta kutchula.

Ulendo ukathera ku Lilongwe, pitani masana ku msika wa ku Area 13, pafupi ndi City Centre, mukaone anthu a m'maofesi a ku Capital Hill atakwinya malaya m'mikono, akudya nsima ya m'malo onga omwewa. Ena amene sangakwanitse tsiku ndi tsiku amasonkherana mmemo kuntchito. Ku Area 13 mpikisano ndi waukulu, ndipo amayi amadziwa kuti kasitomala akakhumudwa lero, mawa alowa khomo loyandikana nalo. Zotsatira zake ndi masamba a mitundu iwiri kapena itatu, mgaiwa kwa oufuna, ndi madzi osamba m'manja ofunda. M'matawuni a pa msewu, woyenda ulendo amadya kamodzi n'kupita, ndipo mwini malo samva ngati chakudya chinakoma kapena ayi.

Masiku ano ena akakhumudwa amajambula mbale n'kuiponya pa Facebook, anthu n'kuyamba kunyoza, mwini wake osadziwa kanthu. Njira imeneyo siikonza ndiwo. Mayi wophika ali pomwepo, kuseri kwa nsalu. Ngati mchere wachuluka kapena mafuta ada, muuzeni mwaulemu musanatuluke. Ngati nyemba zakoma, muuzeninso, ndipo mukauze anzanu a ulendo wotsatira kuti akatsike pati. Ndipo mukakhala pabenchi, musanafunse za nkhuku, funsani ngati pali nkhwani wotendera kapena chigwada. Akati palibe, nenani kuti mukanagula, ndipo tsiku limene mudzazipeze mulipire mtengo wake mosanyinyirika. Kwa makhansala ndi mabwanamkubwa a Neno, Balaka, Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe, pempho ndi limodzi: ndalama za matikiti a msika ziyambe zaika mpopi ndi chimbudzi pamene anthu akudyera, mvula ikubwerayi isanagwe.